Kodi zimene munthu wagula m'sitima yapanyanja zimalowa bwanji pa khadi la ngongole?

Mlendo Watsopano:

Moni nonse. Ndili ndi funso kwa inu amene mumadziwa bwino za sitima zikuluzikulu zoyendetsa alendo panyanja. Matikiti a anthu awiri a ulendo wa masiku 7 alipiridwa kale, koma polembetsa pa intaneti akufunanso nambala ya khadi la ngongole, akuti ndi ya akaunti ya m'sitima. Kodi ndalama azidula nthawi iliyonse ndikagula kanthu, kapena adzadula kamodzi pamapeto? Ndamvanso kuti ena amabwerako n'kupeza ngati adulidwa kawiri. Khadi langa lili ndi malire a ndalama zofanana ndi madola 1,500, ndipo ndikufuna kudzalipiriranso hotela ya usiku umodzi tikatsika. Kodi likwana? China n'chakuti banki yanga siigwiritsa ntchito dola, ndiye pafomu pali bokosi lofunsa ngati ndikufuna kuti iwowo andisinthire ndalama. Ndichonge kapena ndisiye? Zikomo kwambiri.

Nangula:

Mwachita bwino kufunsa musananyamuke, a Mlendo, chifukwa ambiri amadzafunsa zimenezi ali kale pamzere wa desiki yothandizira alendo m'sitima usiku womaliza.

Yambani ndi kusiyanitsa makhadi awiri. Lina ndi la banki yanu, lina ndi limene adzakupatseni tsiku lokwera. Lachiwirili ndi kiyi wa chipinda chanu, ndi chiphaso chanu potsika ndi pokwera padoko lililonse, komanso ndi limene muzigulira zinthu. A Royal Caribbean amalitcha SeaPass, a Carnival amati Sail & Sign, a Disney amati Key to the World, pomwe a Princess amapereka kachinthu kozungulira ngati ndalama yachitsulo kovala pakhosi kapena pamkono, kotchedwa Medallion. M'khadi limeneli mulibe ndalama ayi. Limangoloza ku tsamba la dzina lanu mu kompyuta ya sitima. Mukaitanitsa chakumwa, woperekera amaligunditsa pamakina, chithunzi cha nkhope yanu chimatuluka pa sikirini yake, mtengo n'kulembedwa patsamba lija. Pa mphindi imeneyo palibe ndalama imene yachoka ku banki. Mwangowonjezera mzere umodzi pa bilu imene ikukula pang'onopang'ono.

Khadi la banki limakhudzidwa m'njira ziwiri zosiyana, ndipo chisokonezo chonse chimachokera pamenepa.

Njira yoyamba ndi hold, kutanthauza kugwira ndalama. Tsiku lokwera, kapena usiku wake, kampani ya sitima imafunsa banki yanu kuti, kodi khadi ili lingathe kulipira ndalama zakutizakuti? Banki ikavomera, imapatula ndalamazo pambali. Sizinapite kwa kampani, si ngongole, ndipo sizibala chiwongoladzanja, koma inunso simungazigwiritse ntchito. Pa app ya banki zimaoneka ndi mawu akuti pending. Kuchuluka kwa ndalama zogwidwa koyambazi kumasiyana malinga ndi kampani komanso kutalika kwa ulendo, ndiye werengani pa malamulo amene mwavomera polembetsa. Bilu yanu ikapitirira zimene anagwira poyamba, amapempha hold ina yowonjezera, ndipo makampani ena amachita zimenezi usiku uliwonse. Ndiye pofika tsiku lachisanu mukhoza kuona mizere inayi kapena isanu ya pending, manambala ake osafanana ndi lisiti lililonse limene muli nalo. Musavutike kuwafananiza, sangafanane. Hold imatsatira kukula kwa bilu yonse, osati chinthu chimodzichimodzi chimene mwagula.

Njira yachiwiri ndi kudula kwenikweni. Kumachitika kamodzi, usiku womaliza kapena m'mawa wa tsiku lotsika, akatseka akaunti yanu. Ndalama imeneyo ndi imene imalowa pa sitetimenti ya banki ngati ngongole, ndipo mukailipira yonse tsiku limene banki inakuikirani lisanakwane simulipira chiwongoladzanja, monga zimakhalira ndi zogula zina zonse. Pa maulendo ataliatali a milungu ingapo, makampani ena amadula pakati pa ulendo bilu ikafika pamlingo wina. Mukalumikiza maulendo awiri motsatizana m'sitima imodzi, nthawi zambiri akaunti imatsekedwa pakutha pa ulendo woyamba n'kutsegulidwa yatsopano.

Tsopano nkhani ya kudulidwa kawiri ija. Zikanayenda bwino, kudula komaliza kukanameza ma hold onse nthawi yomweyo. Koma kawirikawiri kudula komaliza kumatumizidwa ngati pempho latsopano, ma hold akale aja n'kutsala ali chilili mpaka banki yanu iwamasule yokha. Kwa mabanki ambiri zimatenga masiku angapo, kwa ena milungu iwiri kapena kupitirira. Pa masiku amenewo ndalama imodzimodziyo imawerengedwa kawiri pa malire a khadi lanu. Simunabedwe, koma khadi limakhala lopanikizika.

Tiyeni tiyese ndi manambala ongopeka kuti muone mmene zingakhalire pa khadi lanu. Tinene kuti ndalama zothokozera ogwira ntchito ndi madola 18 patsiku pa munthu mmodzi. Anthu awiri masiku 7 ndi madola 252, ndipo zimenezi zimalowa zokha pa bilu tsiku lililonse ngakhale musagule kanthu. Tinene kuti mwamwa zakumwa 20 za madola 10 chilichonse. Pa chakumwa chilichonse amawonjezera 18 peresenti, ndiye chimodzi chikhala 11.80, zonse pamodzi 236. Zithunzi za madola 60, ulendo wokaona malo padoko wa anthu awiri wa madola 140. Zonse pamodzi 688. Ngati munapatsidwa mphatso ya madola 100 yogwiritsa ntchito m'sitima pogula tikiti, amayamba achotsa imeneyo, n'kutsala 588. Ma hold akhoza kukhala atafika pa 600. Tsiku lotsika, pa 1,500 paja chotsanipo 600 ya ma hold ndi 588 yodulidwa zenizeni, mutsala ndi 312 yokha yoti mugwiritse ntchito. Hotela nayo idzafuna mtengo wa chipinda kuphatikizapo hold yakeyake. Apa mpamene khadi limakanidwa pa kauntala, munthu ali ndi zikwama m'manja.

Ndiye yankho langa n'lakuti 1,500 ikwana za m'sitima, koma musadalire khadi lomwelo pa hotela. Muziwerengera kuti zimene mukufuna kuwononga m'sitima zidzadya malire a khadi kuwirikiza kawiri kwa pafupifupi mlungu umodzi mutatsika. Lipiriranitu hotelayo musananyamuke, kapena tengani khadi lachiwiri. Ngati pa khadili pali kale ngongole ina, ibwezeni masiku angapo ulendo usanayambe kuti malire onse akhale otseguka.

Kanthu kena kakang'ono. Zimene mwagula pa webusaiti ya kampani ulendo usanayambe, monga phukusi la zakumwa, intaneti kapena maulendo a padoko, zimadulidwa nthawi yomweyo mukamagula ndipo sizilowa pa bilu ya m'sitima. Ndalama zothokozera zija nazonso mungathe kulipiriratu. Mukatero bilu ya m'sitima imachepa, ma hold nawonso amachepa.

Chiwongolero:

A Nangula afotokoza bwino za hold. Ine ndiyankhe za bokosi lija: musachonge.

Sitima iliyonse ili ndi ndalama imodzi imene mitengo yonse imalembedwera, ndipo siisintha ngakhale mufike padoko la dziko lina. Royal Caribbean, Celebrity, Norwegian ndi Cunard amagwiritsa ntchito dola ya ku America. P&O Cruises ya ku Britain imagwiritsa ntchito paundi. Costa ndi MSC amagwiritsa ntchito yuro akamayenda m'nyanja ya Mediterranean, koma MSC yomweyo imagwiritsa ntchito dola ikamayenda ku Caribbean. Ngati ndalama ya khadi lanu ndi yosiyana ndi ya m'sitima, wina ayenera kusintha, ndipo bokosi lija likufunsa kuti asinthe ndani.

Mukachonga, kampani ya sitima kapena wothandizana naye ndi amene amasintha pa mtengo wawo, n'kuwonjezerapo phindu lawo, kawirikawiri pafupifupi 3 peresenti kapena kupitirira. Mukasiya, bilu imapita ku banki ili m'madola, Visa kapena Mastercard n'kuisintha pa mtengo wawo wa tsiku limenelo, umene umakhala pafupi kwambiri ndi mtengo weniweni wa pamsika. Banki yanu ikhoza kuwonjezerapo ndalama yake yolipirira kugula kunja, imene nthawi zambiri imakhala pakati pa 1 ndi 3 peresenti. Anthu ena amaganiza kuti akachonga bokosi ndiye kuti azemba ndalama ya banki imeneyi. Sizikhala choncho nthawi zonse. Mabanki ambiri amayang'ana dziko limene wogulitsa ali, osati mtundu wa ndalama wokha. Ndiye mukhoza kulipira konsekonse, kwa sitima ndi kwa banki. Pa bilu ya madola 588 ija, 3 peresenti ndi pafupifupi madola 18, ndalama yoti simunadye kapena kumwa nayo kanthu.

Ngati munachonga kale mosadziwa, pitani ku desiki yothandizira alendo, imene amaitcha Guest Services, masiku oyambirira mukawauze kuti achotse. Akangotseka akaunti, kubweza zimenezi kumavuta kwambiri.

Dziwaninso kuti mtengo wosinthira umene umagwira ntchito ndi wa tsiku limene kudula komaliza kwalowa, osati wa tsiku limene munamwa chakumwa. N'chifukwa chake nambala ya pending imatha kusiyana pang'ono ndi imene idzakhazikike pa sitetimenti. Chimodzimodzi akakubwezerani ndalama patapita milungu, zikhoza kubwera zochepa kapena zochuluka pang'ono pa ndalama ya kwanu, ngakhale kuti m'madola ndi zomwezo.

Za kukanidwa kwa khadi. Pempho la hold silichokera pakati pa nyanja pamene muli, limadzera ku ofesi ya kampani. Royal Caribbean, Carnival ndi Norwegian onse likulu lawo lili ku Miami kapena pafupi napo, ndiye banki yanu ikhoza kuona pempho lochokera ku America pamene inu muli ku Greece. Makina a banki olondera akuba akaona mapempho angapo otsatizana, usiku uliwonse, ochokera kudziko limene simunagulekonso, amatha kutseka khadi. Kenako banki imatumiza uthenga wa pafoni wofunsa ngati ndinudi, koma foni yanu ili pa airplane mode pakati pa nyanja, uthenga sufika. Choncho uzani banki masiku a ulendo ndi dzina la kampani ya sitima, onetsetsani kuti khadi ndi lololedwa kugula kunja, ndipo ngati n'kotheka sinthani kuti zotsimikizira zizibwera pa app kapena pa imelo, chifukwa zimenezo zimafika pa Wi-Fi ya m'sitima. Lembani papepala nambala ya banki yoimbira muli kunja. Yang'ananinso tsiku lotha ntchito la khadi, lisathe muli pakati pa ulendo.

Hold ikakanidwa, sitima imaimitsa kaye khadi lanu logulira. Mudzazindikira woperekera akakuuzani kuti khadi silikudutsa, kapena mudzapeza kalata pachitseko yokuitanani ku desiki. Chitseko cha chipinda chimatsegukabe, chakudya cha m'malo amene munalipirira kale pa tikiti mumadyabe. Koma tsiku lotsika, ngati bilu sinalipiridwe, makina a pakhomo lotulukira amalira mukagunditsa khadi, n'kukubwezani kuti mukakonze kaye.

Mlendo Watsopano:

Zikomo kwambiri a Nangula ndi a Chiwongolero, bokosi lija ndalisiya. Nanga nditaika khadi la debit m'malo mwake, la ngongole ndisungire hotela? Kapena kungolipira ndi ndalama m'manja? Ndipo mnzanga amene ndikuyenda naye akufuna kulipira zakezake, kodi zimatheka tili m'chipinda chimodzi?

Mafunde:

Khadi la debit amalandira, koma ndi limene limalumidwa kwambiri ndi ma hold. Pa khadi la ngongole chimene chimagwidwa ndi malire a ngongole, ndalama ya banki imene simunabwereke n'komwe. Pa khadi la debit chimene chimagwidwa ndi ndalama yanuyanu ya mu akaunti. Pa chitsanzo cha a Nangula chija, madola 600 a ma hold ndi 588 odulidwa angachoke onse pa ndalama imene mumagulira chakudya ndi kulipirira nyumba, ndipo 600 ijayo mudzaidikire mpaka banki imasule. Ngati pali malipiro ena amene amachoka okha mu akaunti imeneyo mlungu womwewo, akhoza kubwerera, banki n'kukulipiritsani chindapusa. Ngati muli ndi makhadi awiri, la ngongole lipite ku sitima, hotela muilipiriretu ndi la debit musananyamuke. Makhadi oikamo ndalama pasadakhale makampani ena amawakana, ena amawalandira koma ma hold amachedwa kumasuka chimodzimodzi.

Ndalama m'manja zimatheka pa makampani ambiri. Mumasankha akaunti ya cash polembetsa, n'kukasungitsa ndalama ku Guest Services kapena pamakina ake tsiku loyamba. Zogula zimachoka pamenepo. Zikatsala pang'ono kutha amakudziwitsani kuti mukawonjezere, mukapanda kutero khadi logulira limaima. Zotsala amakubwezerani pamapeto, koma funsani njira yake tsiku loyamba lomwelo, chifukwa ena amabweza m'manja pa desiki usiku womaliza, ena amatumiza pambuyo pake, zimene zimavuta ngati mumakhala dziko lina. Ubwino wake palibe hold ngakhale imodzi. Kuipa kwake ndi mzere, komanso kunyamula ndalama zambiri.

Pali njira yapakati imene ambiri amaikonda. Mumalembetsa khadi la ngongole, kenako n'kukalipira bilu ndi ndalama m'manja ulendo usanathe. Chitani zimenezi kutatsala tsiku limodzi kuti lomaliza lifike, kusanade, makamaka masana sitima ili padoko anthu atatsika, desiki ilibe mzere. Kudula komaliza kudzakhala kwa zotsala zokha. Koma dziwani kuti ma hold amene anapemphedwa kale samasuka chifukwa choti mwalipira m'manja. Adzadikirabe nthawi ya banki. Kuti ma hold asakule, ikani ndalamazo koyambirira kwa ulendo, osati kumapeto.

Za mnzanuyo, n'zotheka ndithu. Munthu aliyense ali ndi tsamba lake la bilu, ndipo polembetsa mumasankha kuti tsamba lililonse lilipiridwe ndi khadi liti. Mukaika khadi limodzi n'kuchonga mayina onse awiri, ndiye kuti mwavomera kulipira zonse zimene mnzanuyo angagule. Aliyense alembetse lake. Zinthu za chipinda chonse, monga zakumwa za m'kafiriji ka m'chipinda, kuchapitsa zovala kapena chakudya choitanitsa kuchipinda, nthawi zambiri zimagwera pa dzina la amene ali woyamba pa tikiti kapena amene wasaina. Zikalowa kolakwika, a desiki amasamutsa mzere umodzi kuchoka patsamba lina kupita pa lina m'mphindi zochepa, bola akaunti isanatsekedwe. Mphatso ya ndalama ija nayo nthawi zina imagawidwa pakati, theka kwa wina theka kwa wina, ndiye muyang'ane masamba onse awiri musanaganize kuti yasowa.

Kwa amene akuyenda ndi ana, khadi la mwana nalonso limagula. Makina a masewera amadya ndalama pang'onopang'ono koma mosalekeza, mwana akungogunditsa. Pemphani pa desiki kuti aike malire a patsiku kapena atsekeretu kugula pa khadi lake.

Nkhafi:

Ndikufuna kuwonjezera pa mbali imene anzanga angoidutsa, ya zimene zimalowa pa bilu munthu osayembekezera, chifukwa madandaulo ambiri a pambuyo pa ulendo sachokera ku ma hold koma ku mizere imene mwini wake sanaione pa nthawi yake.

Muziyang'ana bilu tsiku lililonse. Imapezeka pa app ya kampani, imene imagwira ntchito pa Wi-Fi ya m'sitima ngakhale musanagule intaneti, imapezekanso pa TV ya m'chipinda ndi pamakina a pafupi ndi Guest Services. Mphindi ziwiri m'mawa zikwana. Zolakwika zofala n'zodziwika: chakumwa chimodzi kulembedwa kawiri chifukwa makina anachedwa woperekera n'kugunditsanso, chakumwa cha munthu wina kulowa pa chipinda chanu chifukwa nambala inalembedwa pamanja molakwika, kapena kulipiritsidwa chakumwa chimene chili kale m'phukusi lanu. Palinso thaulo la kudziwe losambira limene munabwereka ndi khadi n'kulibweza popanda kugunditsanso, makampani ena amalipiritsa ngati latayika. Zoterezi a desiki amachotsa mosavuta mukapita tsiku lomwelo, pamene woyang'anira bala kapena dziwe angathe kufunsidwa. Mukadikira mpaka mutafika kunyumba, zimasanduka makalata a milungu.

Pa lisiti la bala kapena la spa, yang'anani musanasaine. Peresenti 18 kapena 20 imakhala italowa kale, koma pansi pake pamakhalabe mzere wopanda kanthu woti muwonjezere ina. Ambiri amalembapo poganiza kuti sanapereke, n'kupereka kawiri. Ngati simukufuna kuwonjezera, dulani mzerewo ndi cholembera n'kulemba nokha ndalama yonse pansi.

A Nangula anaika madola 18 patsiku ngati chitsanzo cha ndalama zothokozera ogwira ntchito, ndipo sanapite kutali, pa makampani akuluakulu a ku America zimakhala pakati pa 16 ndi 20 pa chipinda wamba, zipinda zapamwamba n'kukwererapo. Koma si paliponse. P&O Cruises ya ku Britain inasiya kulipiritsa ndalama imeneyi padera mu 2019, ndipo makampani ena amaiphatikiza kale pa tikiti malinga ndi dziko limene munagulira. Onani pa chikalata cha tikiti yanu ngati inalipiridwa kale, kuti mukaiona ikulowanso pa bilu mudziwe kuti ndi cholakwika.

Msonkho umadabwitsanso anthu. Sitima ikakhala padoko kapena m'madzi a dziko lina, malamulo a msonkho a dzikolo amatha kugwira ntchito. Chitsanzo chodziwika ndi Spain, kumene amawonjezera 10 peresenti pa zakumwa ndi zakudya zolipira padera, ndi 21 peresenti pa katundu wa m'mashopu. Pa maulendo ena ochokera ku Barcelona amene satuluka m'mayiko a European Union, msonkhowu umakhalapo ulendo wonse. Kumadoko a ku America nakonso, chakumwa chogulidwa sitima isananyamuke chimakhala ndi msonkho wa boma la derali. Ndiye mukaona kuti chakumwa chomwecho chadula tsiku loyamba kusiyana ndi lachitatu, si cholakwika.

Kasino ndiye muzisamala naye mwapadera. Mukatenga ndalama zotchovera juga pa akaunti ya m'sitima, makampani ena amawonjezera peresenti zingapo, makamaka pamatebulo, ndipo pamakhala malire a patsiku. Ndalama zimenezo zimakweza bilu mofulumira, hold yaikulu n'kutsatira usiku womwewo. Choipa kwambiri ndi kulowetsa khadi la ngongole mu ATM ya m'sitima. Makinawo amadula ndalama yawo, banki nayo imawerengera kuti mwabwereka ndalama m'manja, kutanthauza chindapusa china ndi chiwongoladzanja choyamba tsiku lomwelo, popanda masiku opumira.

Za mphatso ya ndalama, ilipo ya mitundu iwiri. Ina ndi yosabwezedwa, monga imene kampani imapereka pokopa makasitomala, mukapanda kuigwiritsa ntchito imangotha ndi ulendo. Ina ndi yobwezedwa, monga ndalama ya ulendo wa padoko umene walephereka chifukwa sitima sinathe kukocheza, kapena msonkho wa doko limene mwalidumpha. Yoteroyo imalowa pa bilu ngati ndalama yanu, ndipo ikatsala imabwezedwa pa khadi limene munalembetsa, ngakhale kuti imatenga masiku kuti ioneke. Funsani pa desiki kuti yanu ndi ya mtundu uti, kuti musathamangire kukagula zinthu zosafunika usiku womaliza ndi ndalama imene ikanabwerera.

Khadi la m'sitima likatayika, kanenereni nthawi yomweyo. Amalitseka n'kukusindikizirani lina. Chithunzi chanu chimathandiza, koma pamakina odzigulira nokha palibe amene amayang'ana nkhope.

Apa ndisiyane pang'ono ndi mawu akuti kudula kwenikweni kumachitika kamodzi. Nthawi zambiri n'zoona, koma pamatha kubwera kachiwiri kakang'ono patapita tsiku limodzi kapena angapo. Bilu yomaliza imasindikizidwa usiku, pomwe khofi amene munagula m'mawa wotsika, kapena botolo la m'kafiriji limene woyeretsa anapeza kuti latsegulidwa inu mutachoka, zimalowa pambuyo pake. Kadulidwe kotereka si hold, n'kenikeni, ndipo sikamasuka kokha.

Ndiye mukafika kunyumba, kusiyanitsa kwake n'kosavuta. Tengani bilu yomaliza, ya papepala kapena imene akutumizirani pa imelo, ndipo jambulaninso ya pa app musanatsike, chifukwa mukangochoka pa Wi-Fi ya sitima nthawi zambiri siionekanso. Pa app ya banki yang'anani mizere imene yachoka pa pending n'kukhazikika. Imeneyo yokha ndi imene iyenera kufanana ndi bilu. Ya pending isiyeni mlungu umodzi. Ikapitirira pamenepo, imbirani banki, osati sitima, chifukwa womasula ndi banki. Banki ikanena kuti ikufuna chilolezo cha wogulitsa, pemphani kampani ya sitima kalata yosonyeza kuti akaunti inalipiridwa yonse, yokhala ndi tsiku, ndalama ndi nambala ya chilolezo ya hold iliyonse, n'kuitumiza ku banki.

Mukapeza mizere iwiri yofanana yonse itakhazikika, pamenepo ndiye mwadulidwadi kawiri. Lemberani kampani kaye, muike nambala ya tikiti, dzina la sitima, tsiku lonyamuka, nambala ya chipinda ndi chithunzi cha sitetimenti mutabisa nambala ya khadi kusiya manambala anayi omaliza. Akapanda kukonza, kadandauleni ku banki kuti ibweze ndalamazo kudzera mu ndondomeko ya Visa kapena Mastercard. Nthawi yodandaulira ili ndi malire, kawirikawiri masiku 120, koma mabanki ena amafuna mudandaule mofulumirirapo, ndiye funsani banki yanu tsiku lomwe mwalembera kampaniyo.

Nangula:

A Nkhafi anena zoona pa kudula kwachiwiri kuja, ndinakusiya. Ndiwonjezere chimodzi kwa a Mlendo, poti mwati musiyanitsa makhadi. Ngati mukufuna kuti bilu idulidwe pa khadi lina losiyana ndi limene munalembetsa poyamba, kasintheni pa desiki usiku womaliza usanafike, ndipo mutenge khadi lenilenilo m'manja chifukwa amafuna kulilowetsa m'makina. Khadi latsopanolo adzaligwiranso ndalama zofanana ndi bilu yonse imene ilipo, pomwe ma hold a pa khadi loyamba adzatsalabe mpaka banki iwamasule. Kwa masiku angapo makhadi onse awiri adzakhala opanikizika, ndiye la hotela lija musalilowetse m'makina a sitima ngakhale kamodzi.